Kuphiri Kuli Mina

Buludoza inafika kwathu ku Lunho itaberekedwa pa chilole chachitali, chaka chimene ndinasiya sukulu. Tinaimva isanaoneke. Phokoso lake linadzera pansi, kuchokera njira ya ku Metangula, mpaka beseni lachitsulo limene linali pakhomo linayamba kunjenjemera lokha. Amayi anali pathandala, akutembenuza usipa. Anasiya, n'kuyang'ana kutchire, osati kumsewu. Anthu a msinkhu wawo akamva injini yaikulu ya dizilo, maso awo amayamba kufuna kothawira. Ine ndinabadwa nkhondo itatha, iwo atabwerako kale ku Malawi kumene anakabisala, ndiye ndinathamangira kumsewu.

Sukulu ndinaisiya ndili m'oyitava, kalasi yachisanu ndi chitatu. Musandifunse chifukwa. Mphunzitsi ankafika Lachiwiri, pofika Lachinayi wabwerera kwawo, ndipo ine ndinatopa kukhala pa njerwa kudikira munthu wosafuna kundiona. Chimene ndinatulukako nacho ndi Chipwitikizi chokwanira kutukwana ndi kumva ndikamatukwanidwa. Chipwitikizi chomwecho n'chimene chinandipatsa ntchito. Kampani ina inabwera kudzakonza msewu wopita kumpoto, ndipo shefi wake, mnyamata wa m'tauni za kumwera wovala nsapato zazitali zosaonapo matope, sankamva Chinyanja ngakhale moni. Ankafuna pakamwa. Anandilemba kuti ndizimumasulira, ndipo nthawi imene sakundifuna ndizithira girisi ndi kunyamula zigubu za dizilo wa buludoza.

Malole otaya dothi, matipa, ndinawada tsiku loyamba, ndipo mpaka lero sindinasinthe. Munthu akakhala pamwamba paja amationa tonsefe ngati nkhuku. Amatsika chitunda atachotsa giya kuti apulumutse mafuta, mabuleki akununkha ngati tsitsi lopsa, dzanja lili pa hutala. Fumbi lawo linkagwera pathandala mpaka ogula a ku Chiwanga anayamba kunena kuti usipa wa kwathu uli ndi mchenga m'mano. Buludoza ndi ina. Sithamanga, ndipo siopseza munthu ndi hutala. Imangopita, ndipo chimene chili patsogolo pake chimachoka.

Woiyendetsa anali bambo wachikulire wa ku Lichinga. Tonse tinkawatchula kuti amesitiri. Makutu awo anatha ndi injini. Kuti akumve unkayenera kuwakuwira pafupi, ngati ukuitana bwato limene lili pakati pa nyanja. Pa chifukwa chimenechi sankakhala pa macheza a madalaivala. Ankadyera okha mumthunzi wa makina awo, ndipo nkhani zonse za pamsasa zinkawadutsa.

Anandiphunzitsa ndi manja. Ankagwira dzanja langa n'kuliika pa paipi ya mafuta injini ikulira, kuti ndimve kugunda kwake m'zala. Anandionetsa pothira girisi, pothina matcheni oyendera, posefera mafuta.

"Tiinjini tanu ta m'mabwato n'toseweretsa!" ankakuwa motero, poti munthu wosamva amayesa tonse sitimva. "Timafuna kamoto kuti tidzuke. Iyi ayi. Iyi ukangoipanikiza, yayaka. Mdani wake ndi mmodzi, mpweya. Mpweya ukalowa m'paipi umu, chinyama chonsechi chimagona ngati ng'ombe yodwala."

Tsiku lina ndikupukuta manja anandikoka khutu.

"Mphwanga! Tikayamba kusenda phiri lotengapo dothi, ndidzakukhazika pampando. Pamsewu ayi, ungawononge ntchito ya anthu. Kuphiri kulibe chowononga."

Ndinadziwa tanthauzo lake. Munthu amene wagwirapo ndodo za buludoza masabata awiri amapita ku Lichinga kapena ku Tete n'kukati ndine woyendetsa. Sabwereranso kudzakoka khoka la anthu. Chibadwire changa palibe anandilonjezapo chinthu chachikulu chotero.

Phiri limene shefi anasankha lili kuseri kwa mudzi wathu, pamwamba pa munda wa amayi wa chinangwa. Si lalitali. Koma aliyense wamaso akhoza kuona kuti n'losiyana ndi anzake. Mapiri ena onse a kuno anametedwa ndi ofuna nkhuni ndi makala. Ilo lili ndi mitengo ikuluikulu, ndipo nthambi zouma zimagwa n'kuolera pomwepo, pamene akazi amayenda mtunda wautali kukatola tinkhuni. Nthawi ya nkhondo pamwamba pake panali msasa wa asilikali, ndi kanjira ka magalimoto awo. M'munsi mwake muli miyala yoikidwa mumzere, yokhala ndi zotsalira za utoto wofiira. Anaipaka ndi anthu ochotsa mabomba okwirira pansi, amene kuno timangoti mina. Anthuwo anasesa msewu, pachitsime ndi pasukulu. Kuphiri anapaka miyala n'kunena kuti adzabweranso. Ena amati anabweradi, ena amati ayi. Amene ankadziwa bwino anamwalira. Ife tinakula tikudziwa kuti mpira ukagwera kuseri kwa miyala yofiira, mpirawo watha.

Linali Lolemba pamene shefi ananditenga kukaona phirilo. Anaima m'malire mwa munda, anapalasa pansi ndi chidendene cha nsapato, natola dothi lofiira lodzala nsangalabwi. Analifinya m'manja akumwetulira. Ndilo dothi limene ankafuna, sayibulo, limene limagwira msewu. Ataona miyala ija anati ena anayezapo kale, aika ndi zizindikiro, ntchito yachepa.

Amayi anali m'mundamo. Anationa, n'kubwera khasu lili paphewa, chitenje chong'ambika, akununkha nsomba. Ndinachita manyazi. Ndikunena zoona zake, ndinachita manyazi ndi amayi anga pamaso pa munthu wonunkhira sopo.

"Iwe, abwana akowo akufuna chiyani pa miyalapo?"

"Dothi, amayi. Pitani mukalime."

"Awuze atsike. Awuze kuti kumeneko sikupondedwa. Asilikali anakwirira zinthu, ndipo ochotsa aja sitikudziwa ngati anamaliza. Kuli mina. Awuze bwinobwino, usadule mawu."

Ndinadula. Ndinatembenukira kwa shefi n'kunena mawu awiri okha m'Chipwitikizi, akuti kuli mina.

M'Chipwitikizi mawu akuti mina ali pawiri. Ndi bomba lokwirira pansi, komanso ndi mgodi. Shefi anabadwira m'tauni, nkhondo anaiwerenga m'buku. Ndipo asanabwere kwathu anagwirapo ntchito kumapiri a kumpoto, kumene anthu anatsekereza makina ake poteteza maenje awo a golide. Maso ake anawala.

"Mina?" anatero. Anatikita chala chachikulu ndi cholozera. "Mina ya oro? Ya golide?"

Amayi sanamve mawu enawo. Anamva lawo lija likubwerezedwa, n'kuona nkhope ya munthu itasintha. Anagwedeza mutu mwamphamvu.

"Eya, mina! Mina!"

Aliyense anakhutira kuti mnzake wamva. Amene ndinaona kuti asemphana ndinali ine ndekha, nditaima pakati pawo, pakamwa pa onse awiri. Shefi anaseka, nati ndiwauze amayiwo kuti golide wawo sitimufuna, tingotenga dothi la pamwamba, ndipo Lachinayi makina akwera.

"Akuti chiyani?" anafunsa amayi.

"Akuti amva."

Anabwerera kumunda kwawo akuyenda mopepuka.

Masiku atatu otsatira ndinakhala ndikudziuza zinthu. Wailesi inanena kalekale kuti mina zinatha m'dziko lonse. Moto wolusa umadutsa paphiripo chaka ndi chaka, ndipo sitinamvepo kuphulika. Mbuzi zimakwerako n'kubwerako ndi miyendo inayi. Akuluakulu a kuno amaopa chilichonse, ngakhale tayala likaphulika pamsewu amagona pansi. Buludoza ndi chitsulo, kachitini kokwiriridwa ine ndisanabadwe kangaitani? Zonsezi zinali zoona. Koma mbuzi silemera ngati buludoza, ndipo mpando wa amesitiri unali poyera, ndi kadenga kokha pamwamba.

Panali ganizo linanso limene sindinauzepo munthu. Ndinawerengera kuti woyamba kukwera ndi amesitiri. Iwo ndiwo adzagwetsa mitengo ndi kusenda nthaka ya pamwamba. Ine ndidzakhala pampando pambuyo pake, pa nthaka yoyesedwa kale. Ndinaganiza zimenezi ndikuthira girisi m'makina awo, iwo akundisungira theka la chinangwa chawo chootcha.

Pamsasa nkhani ya golide inafalikira. Madalaivala a matipa ankandiseka.

"Mwana wa mwini mgodi! Amayi ako akubisa chuma iwe ukuyenda ndi kabudula wa zigamba?"

"Tikakumba tidzakugulira nsapato, wamva?"

Anali anthu obwera, achinyamata ngati shefi. Amesitiri ankaona anthu akuseka, n'kumaseka nawo osadziwa chimene chikusekedwa.

Lachitatu madzulo tinayendetsa buludoza mpaka m'munsi mwa phiri. Inaima khasu lake lalikulu litagona pansi, mapazi ochepa kuchokera pa miyala yofiira. Amayi anali atapita ku Chiwanga ndi usipa, sanaione. Injini itazima panakhala bata loti ndinamva chitsulo chikulira tiki, tiki, pozizira. Amesitiri anayang'ana mitengo ija n'kukuwa kuti anthu a kuno ndi aulesi, nkhuni zonsezi osatola.

Lachinayi ndinafika seti ora, kapena kuti seveni koloko, isanakwane, ena asanabwere. Sindinali ndi mtima wolankhula, ndipo sindinali ndi mtima wowaona akukwera. Ndinachita za munthu wamantha. Ndinatenga sipanala, ndinamasula pang'ono nati ya pa paipi yochokera posefera mafuta, kuti mpweya ulowe. Ndinkati makina akakana, shefi aitanitsa makaniko ku Metangula, tsiku lidzatha, mwina mawa adzasintha maganizo okha popanda ine kutsegula pakamwa.

Amesitiri anafika, anazungulira makina awo monga mwa masiku onse, n'kukwera. Injini inadzuka, inalavula utsi wakuda. Khasu linanyamuka. Matcheni anayamba kukukuta nthaka. Ndinaima ndikuwerenga m'mtima. Buludoza inayenda mpaka khasu linakankha mwala woyamba wofiira, mwalawo unagubuduka, unasiya dzenje lonyowa. Injini sinazime. Ndinaganiza kuti ndamasula mochepa. Kenako injini inatsokomola, inatsokomolanso, phokoso linatsika, n'kufa.

Anatsika osafulumira. Sanatukwane. Anapita molunjika kumbali ya injini, anayendetsa chala m'paipi, anaima pa nati ija. Inali yonyowa ndi dizilo, ndipo m'mbali mwake munali kuwala kwa chitsulo chongopalidwa kumene. Munthu amene wagwira injini zaka zonsezo sapusitsidwa ndi mwana. Anayang'ana nati, anayang'ana sipanala imene inali ikadali m'thumba langa.

"Iwe."

Sanakuwe. Aka kanali koyamba kuwamva akulankhula motsitsa.

Ndinayandikira khutu lawo. Munthu wosamva sungamunong'oneze. Chimene ndinabisa masiku atatu ndinachita kuchikuwa pamaso pa madalaivala onse amene anali atafola ndi matipa awo.

"Amesitiri, kuphiri kuno kuli mina! Osati golide monga anamvera shefi! Mina za nkhondo! Miyala iyi n'chizindikiro chake!"

Phwete lonse la madalaivala linatha. Mmodzi amene ankakodza pafupi ndi miyala anabwerera chafutambuyo, akuponda m'mapazi ake omwe.

Amesitiri anayang'ana mwala umene anagubuduza. Anawerama, anaupukuta ndi chala chachikulu mpaka utoto unaoneka bwino. Anayang'ana mzere wonse, kumanja ndi kumanzere, kenako mitengo ija ndi nkhuni zosatoledwa. Ndinaona nkhope yawo ikumvetsa zonse pamodzi.

"Ndinayendetsapo lole pa mdipiti wa asilikali," anatero. "Ndinali wachitatu pamzere. Woyamba sitinapeze choika m'bokosi." Anandiyang'ana. "Unadziwa liti kuti shefi wamva zina?"

"Lolemba."

"Chiyani?"

"Lolemba!"

"Lero ndi Lachingati?"

Anatambasula dzanja. Ndinaganiza kuti andimenya, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Anangotulutsa sipanala m'thumba langa, anaipukuta pa ovololo yawo, n'kuiika m'bokosi lawo la zida. Anathina nati, anapopa mafuta mpaka thovu linatha, analiza injini. Sizinatenge nthawi yophika tiyi. Anabweza buludoza chafutambuyo, pang'onopang'ono, matcheni akuponda ndendende m'mizere imene anapanga pobwera.

Shefi atafika, amesitiri anamufotokozera okha m'Chipwitikizi, mokuwa, mudzi wonse ukumva. Shefi anafiira maso. Ananena za wailesi zomwe zija. Ananena kuti mvula ili pafupi, ndipo phiri lina la dothi lotere lili kutali, matipa angathere mafuta m'njira. Amesitiri anati makina ndi a kampani, koma miyendo ndi yawo. Kenako shefi anatembenukira kwa ine.

"Ndinakufunsa ngati ndi mina ya golide. Unandimva?"

"Ndinamva, shefi."

"Ndiye unkadikira chiyani?"

Anandiuza kuti ndivule chipewa cha kampani ndipo asadzandionenso pafupi ndi makina ake. Za nati ija amesitiri sanamuuze.

Musaganize kuti phiri linapulumuka. Shefi anayenda mtunda kukafuna pogwira foni, analankhula ndi akuluakulu ake, ndipo sindidziwa anauzana chiyani. Patapita masiku angapo chilole chija chinabweretsa makina ena, okumba ndi mkono wautali. Woyendetsa wake anali wa msinkhu wanga. Anaima kunja kwa miyala, n'kumatambasula mkono kukanda phiri kuchokera m'munsi. Amayi anabwera kudzaima m'munda mwawo, akuyang'ana. Anali atamva zonse kwa anthu. Sanandikalipire. Anangondifunsa kamodzi kuti, "Paja unati amva?" Kuyambira pamenepo akafuna kulankhula ndi wa boma amatenga mwana wa eni ake kuti awamasulire.

Mkono uja unakanda masabata atatu. Nthawi iliyonse mano ake akalowa m'nthaka, mudzi unkagwira mpweya. Akazi anasiya kudzera njira ya kumeneko popita kuchitsime. Palibe chinaphulika. Matipa ananyamula dothi lonselo n'kukalitaya pamsewu, mulu ndi mulu, kudutsa pasukulu, pamsika, mpaka kutsidya kwa mtsinje. Madalaivala anayambanso kuseka. Akandipeza m'njira ankaliza hutala n'kukuwa kuti, "Bum!" Koma ndinaona kuti potaya dothi ankatsika n'kukaima patali, ndipo aliyense ankafuna mnzake ayambe kuponda.

Kuti sichinaphulike sizitanthauza kanthu. Mwina ochotsa aja anabweradi. Mwina mkonowo unalambalala. Mwina chinanyamulidwa chili chigonere, ndipo chili m'mphepete mwa msewu, m'milu imene makina opondereza sanafikeko, mmene ana amaseweramo pochokera kusukulu. Palibe akudziwa, ndipo kampani inapita.

Tsiku limene ankakweza buludoza pachilole ndinapita kukaima patali. Amesitiri anali atagwira ntchito ya pamsewu masiku onsewo ndi mnyamata wina wothira girisi, ndipo akandiona ankayang'ana kumbali. Tsikulo anandikodola. Ndinathamanga. Sindibisa, ndinali ndi chiyembekezo. Ndinkati mwina anganene kuti pomaliza pake ndinawaimitsa, mwina anganditenge ku Lichinga.

Anamaliza kumanga unyolo womaliza, anauyesa ndi phazi, kenako anandiyang'ana.

"Manja uli nawo, mphwanga. Injini umaimva." Anali akukuwanso monga kale. "Ukadzapeza ntchito ya makina kwina, usadzanene kuti ndinakuphunzitsa ndine."

Anakwera kutsogolo kwa chilole, anatseka chitseko.

Ntchito ya makina sindinaipeze. Nkhani imayenda ndi madalaivala, ndipo kulikonse kumene ndinapita inali itafika kale. Mvula inabwera. Phiri linasiyidwa lotseguka, lodulidwa theka, mizu ya mitengo ili lendelende. Madzi akatsika amakokolola dothi la pamwamba, limene mkono uja sunafikeko, n'kulitsitsira m'munda mwa amayi. Mvula iliyonse imabweretsa lina. Mizere ya chinangwa ya kumtunda inakwiririka ndi matope ofiira ofika m'mawondo, osakanikira miyala, mizu, ndi zitini zadzimbiri za asilikali.

Amayi msana unawakanika chaka chatha. Munda ndi womwewo, wina tilibe. Ndimapitako m'mawa, ndimayambira kumunsi kumene nthaka ndi yakale, n'kumakwera. Ndikafika pamene dothi layamba kufiira ndimasiya kutema. Ndimagwada, n'kumapalasa ndi zala. Dzulo khasu linagunda chitsulo. Ndinakhala chiimire mpaka dzuwa linafika pamutu, mpini uli m'manja, ndisanalimbe mtima kuyang'ana. Chinali chivindikiro cha mphika. Kwatsala mizere isanu ndi umodzi.